Sikisitini Sakukwana

Kalasi yonse inkamutchula Kachete, ndipo iye sankadandaula nalo dzinalo chifukwa linali loona. Masamu ankawadziwa, pamenepo sankakayika n'komwe. Chimene chinkamukanika n'kutsegula pakamwa anthu akumuyang'ana. Mawu ankafika pakhosi n'kubwerera okha.

Pabenchi ankakhala ndi msuweni wake, mwana wa amalume ake, amene anzawo anamupatsa dzina loti Wailesi. Ameneyo ankayankhula za anthu awiri. Akaweruka, onse ankakakhala m'kachipinda kosokera ka mayi ake a Kachete n'kumasova masamu okonzekera mayeso omaliza. Kachete ankasova n'kumafotokoza chapansipansi. Wailesi mutu wake unali wogwira msanga, ndiye m'mawa mwake ndi iye ankakweza mkono n'kufotokozera kalasi zomwezo mokweza, ngati anabadwa nazo.

Aphunzitsi a masamu ana ankawatchula a Chifukwa, poti yankho lililonse, lolondola kaya lolakwa, ankalilandira ndi liwu limodzi lomwelo. Lachisanu lina anamuimitsa Kachete pakhomo la kalasi anzake akutuluka.

"Mapepala a iwe ndi msuweni wako amafanana ngati mapasa," anatero. "Iye ndikamufunsa amandifotokozera. Iwe ndikakufunsa umayang'ana nsapato. Ndiganize chiyani?"

Kachete anayang'ana nsapato.

"Waona? Mvera tsono. Gulu la Loweruka ndi la anthu amene adzalembe pepala lovuta la masamu. Mawa aliyense apita pabolodi. Ukapanda kundifotokozera samu ndi pakamwa pako, ndikutsitsira ku gulu la pepala losavuta. Sindingakulembetse mayeso amene msuweni wako sadzakhalapo pambali pako."

Popanda pepala lovutalo, maphunziro a zomangamanga amene Kachete ankawafuna chiyambire anali oti aiwale. Anafuna kunena kuti sakopera, koma anangogwedeza mutu n'kumapita.

Atafika kunyumba anapeza mayi ake akukangana ndi mayi wina amene anabwera kudzatenga diresi lake.

"Munandiyeza kale ndi tepi, ingolikulungani ndikuthamanga," ankatero mwini diresiyo.

"Tepi siinama, koma ine sindipereka chovala chosayesa," anayankha mayi ake a Kachete, mapini ali pakamwa. "Lowani kuseri kwa nsaluko mulivale."

Mayiyo analowa akung'ung'udza. Posakhalitsa kunamveka mawu kuseriko: "Mikonoyi ikuthina!"

"Si izo. Bwerani nalo ndimasule."

Kachete anakula akuona zimenezi, ndipo ndi mmene ankachitiranso ndi masamu. Akapeza yankho ankalibwezera m'funso kuti aone ngati likukwana. Wailesi ankati kumeneko n'kutaya nthawi. Iye anali ndi lamulo lake, limene theka la kalasi linali litatengera: ukapeza mayankho awiri, taya la mainasi, lotsalalo lemba, pita funso lina.

Wailesi atabwera, Kachete anamuuza zimene aphunzitsi ananena. Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira makina osokera.

"Iwe kukopera ine? Aphunzitsi amenewa akufunika magalasi ena."

"Usaseke, nkhani yake ndi yaikulu."

"Ndikawauze ineyo kuti umandiphunzitsa ndiwe?"

"Akaganiza kuti ukundiikira kumbuyo. Akufuna amve kwa ine."

"Ndiye ndikubwereke pakamwa pangapa, ukandibwezere Lolemba."

"Pakamwa pakopo sipazima. Ndingakapatseke bwanji?"

"Ee, koma kunyumba kuno umatha kuyankha!" Wailesi anatola kachidutswa ka choko chosokera n'kumuponyera. "Tamvera, msuweni. Usamayang'ane anthu. Yang'ana bolodi. Bolodi silinasekepo munthu."

Loweruka m'mawa kalasi inkanunkha fumbi la choko. Mabenchi anali atakankhidwira kutsogolo, ndipo mphepo inkalowera pazenera lopanda galasi n'kumatembenuza mapepala. A Chifukwa anakhala pakona, mikono atapinda. Ana ankapita pabolodi mmodzimmodzi, ena n'kubwera akumwetulira, ena akupukuta thukuta.

Itakwana nthawi ya Wailesi, aphunzitsi anawerenga funso pang'onopang'ono: "Ndikuganiza nambala. Ndikaiphatikiza ndi sikweya ruti yake, ndikupeza 12. Nambalayo ndi iti?"

Wailesi anayenda ngati akukalandira mphoto. Nambala yosadziwikayo anaitcha x. Anasiya ruti yokha mbali imodzi, x n'kumusamutsira mbali inayo, kenako anasikweya mbali zonse ziwiri kuti ruti ichoke. Choko chinkalira, iye pakamwa posatseka. Anafika pa x² − 25x + 144 = 0, n'kuiphwanya bwinobwino mpaka mayankho atatuluka.

"Naini ndi sikisitini!" analengeza. "La mainasi loti nditaye palibe, ndiye onse awiri alowa. Zikomo, zikomo, musavutike kuimirira."

Kalasi inaomba m'manja. Kachete sanaombe. M'mutu mwake anali atawayesa kale onse awiri, ndipo mmodzi anali atakana.

A Chifukwa sanasonyeze kalikonse pankhope. Anatembenuka.

"Kachete. Ukugwirizana naye msuweni wako?"

Mitu yonse inapotokera kwa iye. Kunena kuti eya kunali kophweka, liwu limodzi lokha, koma likanatsimikiza zonse zimene aphunzitsi ankamuganizira. Ndiponso likanakhala bodza.

"Ayi."

"Sindinamve."

"Ayi, aphunzitsi."

"Chifukwa?"

Ana anaseka, monga ankachitira nthawi zonse liwu limeneli likatuluka. Kachete anaimirira kusekako kusanathe. Samuyo inali yopepuka, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Wailesi anamupatsa choko n'kunong'ona kuti, "Bolodi, osati anthu."

Anayang'ana bolodi.

"Njira yake ndi yolondola," anayamba. "Koma mayankhowa sanawayese. Tiwabwezere m'funso." Analemba 9. "Ruti ya naini ndi 3. Naini kuphatikiza 3 ndi 12. Ameneyu wakwana." Analemba 16. "Ruti ya sikisitini ndi 4. Sikisitini kuphatikiza 4 ndi 20. Funso likufuna 12. Ameneyu sakukwana, mikono ikuthina."

Sanafune kunena za mikonozo, zinangotuluka. Kalasi inaphulika ndi chiseko, ndipo Kachete anadabwa kuona kuti sichikumupweteka. Anzakewo sankaseka iyeyo.

"Chabwino," anatero aphunzitsi. "Koma njira wanena wekha kuti ndi yolondola. Nanga sikisitini wachokera kuti? Chifukwa?"

Funso limeneli Kachete analikonda, poti anali atadzifunsapo yekha kalekale.

"Walowera pamene tinasikweya paja. Taonani mzere uwu. Ukuti ruti ya x ndi 12 kuchotsera x. Tikaikapo sikisitini, mbali ino ndi 4, mbali iyo ndi mainasi 4. Sizofanana. Koma tikazisikweya, zonse zimasanduka 16, mainasi uja wafufutika. Ndiye kusikweya kumatha kulowetsa yankho limene silinaitanidwe. N'chifukwa chake tiyenera kuyesa."

Anazindikira kuti mawu omalizawo wawanena atatembenuka, akuyang'ana kalasi.

"Ndamva tsopano!" anakuwa Wailesi ali pabenchi. "Lamulo latsopano, anthuni: pakakhala palibe mainasi, tizitenga laling'ono!"

Ena anayamba kale kulemba lamulolo m'mphepete mwa mapepala awo. A Chifukwa anamwetulira koyamba tsiku limenelo, kumwetulira kwa munthu amene wakutchera msampha.

"Usakhale pansi, Kachete. Fufuta. Nayi ina, yoti palibe amene wakuyambira. Ndikuganiza nambala. Ndikaichotsera sikweya ruti yake, nditsala ndi 20."

Kachete anafufuta bolodi ndi kansanza n'kuyamba. Mzere uliwonse ankaunena mokweza asanaulembe, ngati mmene ankachitira m'kachipinda kosokera, kungoti tsopano mawu ankafika mpaka kubenchi yakumbuyo. Anafika pa x² − 41x + 400 = 0.

"Sikisitini ndi 25," anatero.

"Laling'ono! Sikisitini!" anakuwa anyamata akumbuyo.

"Dikirani avale kaye," anayankha Kachete, osatembenuka n'komwe. "Sikisitini kuchotsera 4 ndi 12. Funso likufuna 20. Sakukwana. 25 kuchotsera 5 ndi 20. Yankho ndi 25, lalikulu."

Amene analemba lamulo la Wailesi anayamba kulikhwatcha mwakachetechete.

"Koma sikisitini ameneyu ali ndi tsoka," anadandaula Wailesi. "Kulikonse akumubweza pakhomo."

Aphunzitsi anaimirira, anayang'ana bolodi kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako anayang'ana asuweni awiriwo.

"Tandiuzani zoona. Pabenchi yanuyo, amaphunzitsa mnzake ndani?"

"Aphunzitsi, ine ndine wailesi chabe," anatero Wailesi, dzanja lili pachifuwa. "Nkhani zonse zimachokera uku."

"Ndiye wailesi imeneyi iphunzire kuyesa nkhani isanaulutse." Anatembenukira kwa Kachete. "Ndinakuganizira molakwa. Pepala lovuta ulemba. Ndipo Loweruka likubwerali, woyamba pabolodi ndiwe."

"Chabwino, aphunzitsi."

"Sindinamve."

"Chabwino, aphunzitsi!"

Anabwerera pabenchi manja ali mbuu ndi choko, ndipo sanawapukute. Wailesi anamusunthira malo, n'kumukankhira pepala lake la mafunso a dzulo.

"Msuweni, awa onse sindinawayese," ananong'ona. "Tiyambire pati?"

"Yambira loyamba," anatero Kachete. "Ndipo unene chapansipansi, anthu akulemba."