Mkuzi Umene Dorika Anauzunguliza Kanayi

Ndinamuuza Dorika, mwana wanga, kuti mkuzi wa khanda sausiyira malo. Ndinamuuza kawiri, kachitatu ndinachita kumugwira pamkono. Mkuzi ndi kachingwe kaja timamanga m'chiuno mwa mwana akatuluka m'chikuta. Kakayamba kuthina timadziwa kuti mwana wakula, ndiye timakadula n'kumanga kena. Mpata wake ndi wa chala chimodzi. Chimodzi, osati ziwiri. Mwana amakula kulondola mkuzi wake, ndipo ukaupatsa mpata waukulu, nayenso amafulumira kuti akaudzaze.

Koma Dorika ndi telala. Amasoka mayunifolomu pakhonde la sitolo ina pa Nathenje, ndipo chiyambire sanasokerepo mwana wa munthu chovala chomukwana lero. Chilichonse amasiya mpendero wa chikhatho chathunthu, ati azikuliramo. Mwana wake Yotamu ali ndi mwezi umodzi ndi theka, asanayambe n'kumwetulira komwe, Dorika anaona kuti zondiitana kumudzi mwezi ndi mwezi kudzasintha kachingwe zimuchedwetsa. Anapota ulusi wake wakuda, anayeza ndi tepi m'chiuno mwa mwamuna wake, anadula pomwepo, n'kuuzunguliza kanayi m'chiuno mwa khandalo. Ine pofika ndinaupeza uli choncho. Nditadandaula anaseka, anati ulusi ndi ulusi, ndipo mawondo anga apumeko kukwera minibasi.

"Inu amayi chilichonse mumaopa," anatero. "Mphaka akayetsemula mumati kugwa maliro."

Ndinakhala pa thumba la tinsalu totsala, ndinatsamira chipupa dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinalota.

Ndinalota tili pakhonde pomwepo. Dorika anali pa makina ake, atayang'ana kumsewu. Yotamu anali chagada pamphasa kumbuyo kwake. Kutsogolo kwa makina kunali mzere wa mayunifolomu opanda ana m'kati, ataima okha mwaulemu, kudikira kupindidwa. Mzerewo unadutsa msewu n'kukabisika kuseri kwa chigayo. Imodzi ikasokedwa inkathokoza n'kumapita, ina n'kusendera.

Chitseko cha sitolo chinali chotsekula, koma m'kati munalibe shuga kapena sopo. Munali mtsinje wa Linthipe, ukuyenda phee, ndi bango lake ndi mchenga wake. Pakhomopo panakhala aNachisale, azamba a kwathu amene anandichiritsa pa mimba ya Dorika. Anamwalira chaka cha njala chija, ndipo ndinawasambitsa nawo ine. Anali kuswa mtedza m'lichero, mapazi ali m'madzi.

Ndinawalonjera, anandiyankha bwino. Anafunsa za bondo langa. Kenaka analoza mwana ndi chibwano n'kufunsa amene anamanga chimenecho. Ndinati si ine. Anati akudziwa kuti si ine.

"Wazungulira kanayi," anatero. "Kuzungulira kumodzi ndi miyezi itatu. Kukamasuka konse, chotsala ndi chiuno cha bambo. Muuzeni acheuke. Chimene mayi sanaone, mwana sabwereza."

Ndinafuna kudzuka kuti ndikadule ulusiwo ndi mano, koma chitenje changa chinali chitasokeredwa ku thumba lija, msoko wabwino, wa Dorika yemwe. Ndiye ndinaitana. Mawu anga anatuluka m'kamwa ali ulusi woyera, anauluka pamwamba pa phewa lake, analowa pa diso la singano n'kusokeredwa mu mpendero wa diresi ya buluu. Diresiyo inathokoza n'kupita nawo.

Pamenepo mkuzi unamasuka kuzungulira koyamba. Unachita pang'onopang'ono ngati njoka yoothera dzuwa. Maso a Yotamu, amene ankangoyendayenda, anaima. Anayamba kufuna nkhope. Anayang'ana denga, anayang'ana mzati, kenaka anapeza mfundo ya duku kunkhongo kwa mayi ake. Anaiyang'anitsitsa mfundoyo, ndipo anaimwetulira. Kunali kumwetulira kwake koyamba, kwa usinini wokhawokha, kumene mayi amakumbukira mpaka imvi. Duku silinabweze. Mwana anati aguu, anadikira, anatinso aguu. Khosi lake linalimba ine ndikuona, anadzutsa mutu ngati kamba.

Ndinati Dorika, mwana waseka. Mawuwo analowa m'kolala ya shati.

Makina okha ndi amene ankayankha. Ankati yatsala imodzi, yatsala imodzi, yatsala imodzi, ndipo phazi la Dorika linkavomereza pa chopondera.

Kuzungulira kwachiwiri kunamasuka. Yotamu anapeza manja ake, anawazizwa, anawaika m'kamwa. Anagwira chala cha kuphazi, nacho analawa. Anadzigubuduza n'kugona chafufumimba, ndipo ndinaitananso Dorika, chifukwa mwana akagona choncho pansalu yofewa amabanika. Koma anadzikankha ndi timikono, anapendekeka uku, anapendekeka uko, n'kukhala tsonga. Kwathu mwana woyamba kukhala timamuika m'beseni, timamutchinjiriza ndi nsalu, anthu amaitanizana kudzaona. Uyu anakhala yekha, popanda womuchinga.

Mphasa inadandaula. Inati inalukidwa kuti imusunge mwanayu miyezi isanu ndi umodzi, koma wangoigonera nthawi yowiritsa madzi a tiyi. Inafunsa kuti ikauze chiyani mlaza umene unadulidwa chifukwa cha iye. Ndinaipepesa.

Dovu linayamba kutsika pachibwano. Anatenga kabokosi ka mabatani n'kumaluma, ine ndikuopa kuti kangatsekuke, chifukwa batani limodzi lokha limatseka kukhosi. Atayasamula ndinasuzumira kuti ndione ngati mano ayambira kumwamba, poti zimenezo akuluakulu sankazikonda. Ayi, anali a m'munsi, awiri, oyera ngati mpunga. ANachisale anaviika chala m'mtsinje, chinatuluka ndi phala, anamulawitsa. Anakwinya nkhope, analavula, anatsekulanso pakamwa.

Pa mtengo wa mango pafupi ndi khonde panalendewera sikelo ija ya ana, ndi kabudula wake wansalu akugwedezeka wopanda kanthu. Inafunsa mwaulemu ngati mwana wa pano abwere mwezi uno. Muvi wake unayamba kuyenda wokha.

Kuzungulira kwachitatu kunamasuka. Mwana anagwada, anagwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo, anayamba wabwerera chambuyo mpaka anagunda chipupa, analira ndi ukali, kenaka anakwawa. Anakwawa khonde lonse. Anatola kansalu, anatola nyerere, anatola dothi ndi zala ziwiri n'kudya. Ine ndinkangoona masingano ogwera pansi, sizasi ili m'mphepete mwa tebulo, mbaula ya mayi wogulitsa chimanga pasitepe. Machenjezo anga onse ankatuluka mtolomtolo, ndipo mayunifolomu ankapita nawo ku sukulu zosiyanasiyana.

Anafika pamene ndinakhala, anandiyang'ana kumaso, anapinda mlomo n'kulira. Sindinakhumudwe. Ndi msinkhu wake umenewo, wosiyanitsa wake ndi mlendo. Mwana wa msinkhu umenewo akaona mlendo amathawira pankhope ya mayi ake. Uyu anathawira kumsana. Anagwira chitenje cha Dorika, anadzikoka, timiyendo tikunjenjemera, mpaka anaimirira, anatsamiza tsaya pamsana pake n'kutonthola.

Dorika anamva kukoka. Sanacheuke.

"Amayi, tamugwirani pang'ono, yatsala imodzi."

"Amenewo ndi mawu anga," anatero makina, koma sanaime.

ANachisale anapeta mtedza wawo, makoko anagwera m'madzi n'kusanduka timatemba. Anandiuza kuti ndiyang'anitsitse tsopano, chifukwa pafunika munthu mmodzi amene anaona.

Kuzungulira kwachinayi kunamasuka. Yotamu anayenda chogwira tebulo, anafika kumapeto kwake, anasiya. Anaima yekha, manja ali m'mwamba ngati wonyamula mtsuko wosaoneka. Anawomba m'manja kudziyamikira. Kenaka anayang'ana mfundo ya duku ija, anasonkhanitsa milomo, ndipo anati mama. Anatchula bwinobwino, kawiri. Singano inali pa msoko wokhuthala wa kabudula, ndipo phokoso lake linameza mawuwo.

Anadikira pang'ono. Atatero anatembenuka. Phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu, anagwa ndi matako. Anadzuka. Mkuzi unali lendelende, ukukokeka pansi pambuyo pake, iye ataugwira ndi dzanja limodzi ngati bambo wogwira buluku lopanda lamba. Anadutsa pa aNachisale, anawabayibitsa ndi kadzanja, iwo anasendeza lichero kumupatsa njira. Analowa pakhomo la sitolo n'kuponda m'madzi.

Mwana wa chaka salowa m'mtsinje, ngakhale m'beseni la madzi ochapira samusiya yekha. Koma madzi sanamupitirire m'mawondo, chifukwa mtsinje ukamazama iyenso ankatalika. Pakati pa mtsinje anali wa msinkhu wopita ku sukulu. Yunifolomu imodzi inachoka pamzere, inamulondola, inamuvala, mpendero unamasuka wokha, inamuthina n'kumuvula. Mapewa anatambasuka. Pofika tsidya lija anali mwamuna wa ndevu, wamtali kuposa bambo ake, ndipo mkuzi unamukwana ndendende, mpata wa chala chimodzi.

Ulusi wa m'makina unatha. Kunangoti zii. Mayunifolomu otsala anayang'anana n'kubalalika.

Dorika anawongola msana, anatikita khosi. Bulawuzi yake inali itanyowa ndi mkaka. Anatenga mbereko pa mpando, anacheuka akumwetulira, akunena kuti bwera kuno bambo wanga uyamwe, wandidikira. Pamphasa panali kabokosi ka mabatani kokha, konyowa ndi dovu.

Anandiyang'ana. Msoko wa pachitenje changa unamasuka, ndipo ndinamulozera kukhomo. Tinalowa tonse m'sitolo, tinaima pamchenga. Mwamuna uja anali tsidya lina, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wotsika basi pamalo osawadziwa. Linthipe pamenepo ndi wopapatiza, mawu amawoloka osakuwa.

Anationa, anagwira manja pamodzi, anatipatsa moni wa anthu achilendo. Kenaka analankhula kwa Dorika.

"Pepani mayi, mwina mwawaonako amayi anga? Anati yatsala imodzi."

"Ndine, Yotamu. Ndine mayi ako."

Anamuyang'ana nthawi yaitali, mphumi, maso, pakamwa. Anapukusa mutu mwaulemu. Anati asawakhumudwitse, koma nkhope imeneyi sanaionepo. Amayi ake amawadziwa bwino: ali ndi mfundo ya duku yopendekera kumanzere, fupa lotuluka pansi pa khosi, ndi phewa limodzi lokwera chifukwa cha makina.

Dorika anatchula tsiku limene anabadwa. Anatchula kachipsera kakumbuyo kwa khutu lake. Anaonetsa mkaka pabulawuzi. Mwamunayo anayang'ana pansi ndi manyazi, poti si zoonetsa mlendo zimenezo, ndipo anayamba kutsazika.

"Mutembenukire msana," anatero aNachisale ali pakhomo paja.

Dorika anatembenuka, anayang'ana kukhonde. Nthawi yomweyo tsidya lija kunamveka mawu aakulu a bambo, akunjenjemera ngati a mwana: "Mama." Madzi anachita phokoso, akuwoloka kubwerera. Dorika anacheuka msanga kuti amuone. Mwamunayo anaima pakati pa madzi, nkhope yake inazizira, anapepesa kuti anawafanizira ndi munthu wina, n'kuyamba kubwerera. Dorika anayesa kawiri. Kachitatu anayesa kuba ndi ngodya ya diso, zinali chimodzimodzi.

Ndiye anaima chotembenuka, anawerama pang'ono monga timachitira pobereka mwana, mbereko ili m'manja. Yotamu anawoloka, anagwada pamchenga kumbuyo kwake, anatsamiza tsaya la ndevu pamsana pake n'kupuma mpweya wautali. Anayamba kuwauza amayi ake zonse: kuti anaseka, kuti anakhala yekha, kuti dothi la pakhonde ndi lowawasa, kuti anagwa kamodzi kokha. Dorika ankavomera ndi mutu, maso ali pa makina ake amene ankaoneka patali kupyola pakhomo, misozi ikugwera pa mbereko.

ANachisale ananyamula lichero lawo. Anandiuza kuti ine ndikhoza kudzuka tsopano ngati ndikufuna, khomo likadali lotsekula, koma Dorika atsala. Ndinayang'ana khomolo. Ndinamva minibasi zikuitanira anthu kumsewu, ndi fungo la chimanga chootcha. Koma nanenso ndine mayi, ndipo wanga anali ataima pamchenga wotentha wopanda nsapato. Ndinakhala pansi patsogolo pake, pamene ndinkatha kuona nkhope zonse ziwiri.

Dorika analankhula motsitsa kuti wakumbuyoyo asamve.

"Amayi, inu mukumuona. Wafanana ndi ndani?"

Mawu anga anali atabwerera. Ndinamuyang'ana mwanayo bwinobwino, ndipo ndinayambira pamphumi.