Rivesi ya Adokotala

Amidu anayendetsa galimoto zaka makumi awiri ndi zitatu, khumi ku Limbe, zotsalazo ku Doha kwa bwana wina wa ku Al Waab, osakandako ngakhale bampala. Munthuyu ankayeza anzake ndi chiwongolero. Mkamwini wake yemwe anayamba wayesedwa rivesi asanafunsidwe kwawo.

Ndiye atamuuza kuchipatala kuti m'matumbo mwake muli khansa, ndipo aichotsa ndi loboti, Amidu za khansayo sanafunse. Anafunsa kuti lobotiyo aiyendetsa ndani. Adokotala, mayi wamfupi wa magalasi, anati ndi iwo. Anamuonetsa chithunzi: wodwala ali gone, pamwamba pake chimakina cha mikono inayi, dokotala ali pakona atazika nkhope m'chibokosi, zala pa tizitsulo, mapazi pa mapedulo.

Mapedulowo ndi amene anaononga nkhani. Kwa Amidu kumeneko kunali kuyendetsa basi, ndipo msewu wake unali mimba yake. Anapinda fomu yosayina n'kuiponya m'thumba. Adokotala anamuuza kuti chotupa sichidikira munthu, asayine Lachinayi lisanadutse.

Mantha anali nawo, tisamubisire. Kwawo ku Ntaja kunali ana ake anayi, womaliza asanadziwe n'komwe nkhope ya bambo ake bwinobwino. Koma kupereka mimba kwa dalaivala amene sunamuonepo pamsewu, zimenezo ayi. Anapita kwa Sharifu, mnzake wakumudzi, yemwe ankalondera poimika magalimoto pachipatala pomwepo, nafunsa kuti mayi aja amayendetsa bwanji.

"Achimwene, musafunse," anatero Sharifu. "Ma-parking awiri amawachepera. Mubwere seven o'clock mudzaone nokha."

Mawa lake Amidu anaima pafupi ndi chipilala cha poimika magalimoto paja, thukuta litayamba kale ntchito. Adokotala anatulukira pa kagalimoto koyera. Rivesi yoyamba inakhota. Anapita kutsogolo, nayesanso, inakhotanso. Kumbuyo kwawo chigalimoto china chinayamba kuliza hutala ngati kuli ukwati, koma mayiwo sanatembenuke n'komwe. Ulendo wachitatu anaima pakati, natsegula chitseko, natsika. Anazungulira kumbuyo, nawerama, nayeza ndi chikhatho mpata wa pakati pa bampala ndi chipilala. Kenako anabwerera, nalowetsa galimoto pang'onopang'ono. Inaima mopendekera ndithu, koma sinakhudze kanthu.

"Khalas, zatha basi," anatero Sharifu. "Kadzibukireni tikiti, mukafere kwanu."

Amidu anamubwereka cholembera, nasayina fomu ija pa boneti ya galimoto ya munthu wosamudziwa.

"Dalaivala wotsika kukayang'ana sanaphepo munthu," anatero. "Opha anthu ndi ife odziwa."

Anamupanga opaleshoni sabata yotsatira. Anadzuka ndi timabowo tisanu pamimba, tomata ndi pulasitala, moti poyamba anakayika ngati ntchito yagwiridwa. Tsiku lachitatu anali akuyenda m'khonde, akukoka botolo la diripi, ndipo m'mutu anali atakonza kale mphatso ya adokotala: maphunziro a rivesi, aulere, masiku atatu. Ankaona kuti vuto lawo ndi laling'ono, amachedwa kukhotetsa.

Adokotala anabwera masana. Anati adula chidutswa cha matumbo chotalika ngati dzanja, ndipo zikuoneka kuti chonse chatuluka, ngakhale azimuonabe. Akanachedwa miyezi ina iwiri, nkhani ikanakhala ina. Kenako anafunsa kuti magazi anayamba kuwaona liti.

Amidu anawerenga ndi zala. Inali miyezi isanu ndi itatu, kuyambira Ramadani. M'mawa uliwonse ankawaona m'chimbudzi, n'kugujumula, n'kuthamangira kukaliza galimoto kuti ana a bwana asachedwe kusukulu. Manyazi anamugwira, ndipo maphunziro aja anangowameza.

"Miyezi yonseyo, bwanji simunabwere?" anafunsa adokotala.

Amidu anayang'ana timabowo tija.

"Ndinkaona ngati ndidutsa," anatero. "Sindinatsike."