Mpira Wokana Kumira

Anzawo a gofu ankawatchula a Zitatu, chifukwa chilichonse chimene ankachilembera ndemanga sichinkapitirira nyenyezi zitatu. Ntchito yawo inali yogulitsa matayala m'kasitolo kamdima kumapeto kwa msewu wa magalaja. Madzulo akatsitsa chitseko chachitsulo, ankakhala pa tayala la thirakitala n'kumalemba pa gulu la pafoni la anthu osewera gofu. Ankaweruza mabwalo, maenje, mchenga, ngakhale tiyi wa m'kantini. Mnzawo wina ankati tsiku limene a Zitatu adzafike kumwamba adzayamikira chipata, kenako adzadandaula kuti poimika galimoto m'pochepa.

Iwo ankasewera pa bwalo la khonsolo, kumene amalowa aliyense wokhala ndi ndodo ndi nsapato. Kumeneko anali ndi maenje awo apamtima. Dzenje lachinayi linagundana ndi njanji, moti sitima ikamadutsa mpira unkagubuduka wokha. Analipatsa zitatu, n'kulemba kuti ndi dzenje lachifundo, lothandiza anthu opanda luso. Lomaliza linadulidwa pakati ndi njira ya oyenda pansi, ndipo munthu ankaima ndodo ili m'mwamba kudikira kuti wa njinga adutse. Limeneli analipatsa ziwiri ndi theka, thekalo chifukwa cha mthunzi.

Bwalo la kalabu, kuseri kwa mpanda wautali wa mitengo, anali asanalipondepo. Kumeneko kunkalowa mamembala ndi alendo awo basi. A Zitatu ankati alibe nalo ntchito, monga amanenera aliyense amene sanaitanidwe.

Kenako mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anapeza mwamuna. Mtsikanayo anali ataona chithunzi cha kapinga wa kutsogolo kwa nyumba ya kalabu, ndipo mtima wake unakhazikika pomwepo: phwando la ukwati likachitikire pa kapinga ameneyo. Sanakakamize. Ankangotsegula chithunzicho pa nthawi ya chakudya n'kuchiyang'ana mwakachetechete, zomwe zinkapweteka bambo ake kuposa kulira. Kapingayo sankabwereketsa kwa munthu wakunja pokhapokha a Tcheya a kalabu atavomera okha.

Mwayi unadzera mwa mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, wogulitsa inshuwalansi, yemwe anali membala. Iye anabwera ndi uthenga wakuti a Tcheya amva za ndemanga zija ndipo akufuna kuti bwalo lawo nalo lilembedwe. A Zitatu akasewere nawo Loweruka, akanene zabwino pamaso pa mamembala, ndipo kapinga adzakhala wawo.

Mlamuyo anakhala pa mpando wa a Zitatu pabalaza n'kuyamba kuwaphunzitsa. Anati maenje ena onse asewere mmene akudziwira, palibe adzaone. Nkhani ili pa dzenje la padziwe. Dzenjelo analikonza a Tcheya eni ake: anakumbitsa dziwe pamene panali kapinga wosalakwa, n'kulengeza kuti ndilo dzenje lovuta kuposa onse m'chigawo chonse. A Tcheya anali asanaolotsepo mpira padziwepo chikumbireni. Choncho aliyense wosewera nawo sankaolotsanso. Munthu ankamenya mpira umodzi m'madzi, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti koma dzenje ili, kenako onse ankazungulira dziwe n'kukaika mpira wina tsidya linalo. Mamembala ankati kumeneko n'kudyetsa nsomba, ngakhale m'dziwemo munalibe nsomba.

A Zitatu anati zimenezo n'zosavuta, kuponya mpira m'madzi akhala akuchita moyo wawo wonse popanda wowatuma.

"Mwaona, bambo," anatero akazi awo akuchotsa makapu. "Luso lanu lapeza ntchito."

Loweruka m'mawa mlonda wa pachipata anayang'ana galimoto yawo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ngati dokotala amene sakufuna kuuza wodwala zoona. Anatsegula ataona nkhope ya mlamu. M'chipinda chosinthira zovala munali matawulo opindidwa mofanana, ndi chikwangwani chokumbutsa anthu kuti malaya akhale a kolala. A Zitatu anafunafuna cholakwika. Anapeza kuti mpopi umodzi unkadontha, ndipo mtima unakhala m'malo pang'ono.

A Tcheya anali munthu wamkulu thupi, mwini malole ambiri, wovala magolovesi oyera manja onse awiri. Ankayamba kuseka nthabwala yawo asanaimalize, kuti anzawo adziwe poyambira. Wachinayi pagululo anali loya wopuma ntchito, wowonda, amene ankagwedeza mutu kuvomereza nkhani isanathe.

Bwalolo linali lokongola, ndipo izi zinawakwiyitsa a Zitatu. Kapinga anali ngati kapeti ya m'hotela. Mchenga unali wopesedwa. Panalibe njinga, panalibe sitima, panalibe choti munthu n'kunamizira akaphonya. Mpira wa a Tcheya unkakonda m'mitengo, koma nthawi zonse unkapezeka utabwerera wokha pamalo oyera, ndipo pa nthawi imene unkabwererayo loya ndi mlamu ankakhala akuyang'ana mitambo. A Zitatu sanachedwe kuphunzira. Pofika dzenje lachitatu nawonso anali ataidziwa bwino mitambo ya kumeneko.

Dzenje la padziwe linali lalifupi. Pomenyera panali pokwera, m'munsi dziwe lobiriwira, tsidya lina mbendera. Pakati pa madzi panali chimbalame chasimenti cholavula madzi chammbali. A Tcheya anaima kaye n'kufotokoza mbiri yake yonse, kuyambira tsiku limene maganizowo anawabwerera ali m'bafa. Kenako anamenya, mpira n'kugwa m'madzi pafupi ndi gombe la konkuno. Anatembenuka monyadira, ngati bambo amene galu wake waluma mlendo.

Loya anamenya mwaukhondo, mpira n'kugwa pakati penipeni pa dziwe. Ankaoneka kuti anachita kuphunzira. Mlamu anawonjezera zake: mpira utamira anagwira mutu ndi manja awiri n'kubuula.

A Zitatu anali atakonzeka. Anatulutsa mpira wakale, wachikasu, wong'ambika mbali imodzi, umene anautola m'mbali mwa njanji. Anasankha ndodo yosayenera, yoti singafikitse. Kwa zaka zonse zimene anasewera, aliyense ankawauza zomwezomwezo: masulani mapewa, musakakamize, mutu ukhale pansi. Sankatha, chifukwa nthawi zonse ankafuna kwambiri. Lero sankafuna kanthu. Mapewa anagwa okha. Mutu unakhala pansi chifukwa sankafuna kuonerera manyazi awo. Anangoilekerera ndodo kuti ipite.

Kulira kwake kunali kwachilendo, kofewa, koti anali asanakumvepo m'manja mwawo. Mpira unakwera, unadutsa pamwamba pa chimbalame, unatera tsidya lija, n'kugubuduka pang'onopang'ono mpaka kukaima pafupi ndi mbendera, poti munthu n'kufikira ndi mkono.

Kunkangomveka chimbalame chikulavula.

Mlamu anatsokomola n'kunena kuti ndi mphepo. Loya anavomereza kuti inalidi mphepo yamphamvu. Mbendera inali italendewera ngati nsanza yonyowa. A Tcheya anati ndi mwayi wa mlendo, ndipo nthabwala imeneyi sanaiseke, choncho palibe anaseka.

Akuzungulira dziwe, mlamu anawagwira mkono n'kutsalira nawo m'mbuyo. Anati zinthu sizinaonongekeretu. Dzenje likhozabe kuoneka lovuta ngati mpirawo utakana kulowa.

"Muphonye, alamu," ananong'ona. "Kawiri, katatu. Munene kuti pansi apa m'pachinyengo. Kumbukirani mwana. Mukalephera kukumbukira mwana, kumbukirani mlongo wanga."

A Zitatu anavomera ndi mtima wonse. Anadikira anzawo aike mipira yatsopano ndi kuikankhakankha mpaka kufika. Kenako anaima pamwamba pa mpira wawo wachikasu. Dzenje linali pomwepo, lotseguka, lakuda. Chiyambireni gofu anali asanamalizepo dzenje lililonse ndi mikwapulo iwiri yokha, ngakhale lachifundo lija la kunjanji. Anaganiza za mwana wawo ndi chithunzi chake. Anaganiza za akazi awo. Analozetsa ndodo kumanzere kwa dzenje, monga anagwirizana. Kenako anaibweza pang'ono.

Pambuyo pake ankauza anthu kuti dzanja linaterereka. Silinaterereke. Mpira unalowa pakati penipeni n'kulira m'kati, ndipo chibakera chawo chinadzuka chokha mpaka pachifuwa asanachigwire.

Maenje otsalawo anasewera ngati anthu ochokera kumanda. Mpira wa a Tcheya unasiya ngakhale kubwerera kuchokera m'mitengo.

Pakhonde la nyumba ya kalabu mamembala anali atakhala kale ndi matambula awo. Kutsogolo kwawo kunali kapinga uja, wotambalala, wobiriwira kuposa pachithunzi. A Zitatu anaona pamene pangaime tenti ndi pamene pangadutse mkwatibwi. A Tcheya anagogoda tambula ndi supuni n'kuuza anthu kuti lero ali ndi mlendo wodziwika ndi kuumira nyenyezi. Anamufunsa mlendoyo kuti anene dzenje limene walikonda, ndi nyenyezi zake.

Mawu oti anene anali atawaloweza kunyumba, akazi awo akuwakonza: dzenje lankhanza, lotsitsa odzikweza, loti munthu amalilota usiku. Anaimirira. Koma kufewa kuja kunali kudakali m'manja mwawo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo wa ndemanga anali ndi chinthu chimene anachikondadi.

Anati ndi dzenje la padziwe, ndipo akulipatsa nyenyezi zisanu. Anthu anawomba m'manja, mlamu anapuma. A Zitatu akanakhala pansi pomwepo. Koma munthu amene wayamikira koyamba sadziwa polekezera. Anapitiriza kuti dzenjelo anthu amaliopa chabe, ndi dzenje lachilungamo, laulemu, losavuta kwa munthu womasula mapewa. Anati madziwo ali pomwepo kungoopseza, ngakhale mpira wong'ambika umaoloka. Ndipo poti mtima unali utadzaza chikondi, anatembenukira kwa a Tcheya.

"Inuyo, bwana, vuto ndi kagwiridwe basi. Mumaifinya ndodo ngati ikuthawa. Mutavula golovesi imodzi, mwezi sungathe musanaolotse."

Mamembala onse anapeza chinachake chochititsa chidwi pansi pa matambula awo. Mlamu anatseka maso.

A Tcheya anamwetulira n'kuthokoza kwambiri. Anati nyenyezi zisanu kuchokera kwa munthu wotere si zamasewera. Anafunsa mokoma kuti ukwati wa mwana uli liti, ndipo atamva mweziwo anapukusa mutu mwachisoni chachikulu. Anati n'zomvetsa chisoni, chifukwa mwezi womwewo ndi umene kalabu idzakhale ikukulitsa dziwe, ndipo dothi lonse lokumbidwalo lidzaunjikidwa pa kapinga ameneyu, palibenso pena. Loya anavomereza kuti mapulaniwo ndi akalekale.

"Mwatitsegula maso, akulu," anatero a Tcheya powagwira chanza, golovesi ili m'manja. "Mudzabwerenso dziwe likadzakula."

M'galimoto mlamu anadikira mpaka atadutsa chipata. Kenako ananena, akuyang'ana pawindo, kuti iye wakhala akumiza mipira yabwinobwino Loweruka lililonse, yogula yekha, n'cholinga choti tsiku lina banja lidzapindule. Anati akanadziwa akanapita ndi mlongo wake, amene sanagwirepo ndodo. Anapempha kuti amutsitse pakona, asafike naye kunyumba.

Akazi awo anali pabalaza, atayala tinsalu tamitundumitundu patebulo, kusankha mtundu wa mipando woyenerana ndi kapinga. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. A Zitatu anaifotokoza mosamala, mbali ya dothi anaikulitsa, mbali ya golovesi anaichepetsa. Atamaliza, mayiwo anayamba kupinda tinsalu tija kamodzikamodzi.

"Ndiye mpirawo unalowa?"

"Unalowa."

"Zikomo. Tsono mwana wanu ali kuchipinda kwake. Mukamuuze nokha. Ine ndiimbire anthu a holo ya kusukulu, ngati sanaipereke kale."

A Zitatu anagogoda pakhomo la chipindacho. Mwanayo anatsegula foni ili m'manja, nkhope ikuwala, n'kufunsa ngati zatheka. Bambo ake anamuuza kuti akhale pansi, nkhaniyo ndi yaitali ndipo kuti aimvetse bwino ayenera kuyamba wadziwa mmene dziwelo lakhalira. Anayang'ana uku ndi uku m'kachipindako, n'kukankhira mpando kukhoma kuti apeze malo okwanira mikono, amuonetse mmene anamenyera mpira uja.