Chidindo cha Che Bakili

Stanford anatsika basi pa Njuli dzuwa lili paliwombo, saka lili paphewa. M'sakamo munali kirankishafiti, msana wa injini. Chitsulocho chinkamudya phewa.

Galimotoyo sinali yake. Inali ya bwana wake, mzungu wa kuesiteti. Yofiira, ya mipando iwiri, yopanda denga, liwiro lake losaneneka. Bwanayo ali kutchuthi, Stanford, dalaivala wake, anaitenga kukaonetsa kwawo ku Likoswe. Mwala unaboola kunsi. Oyilo anathera mumsewu. Injini inagogoda, kenako zii.

Bwana abwera Lolemba. Lero Lachinayi. Akadziwa, ntchito yatha. Nyumba ya antchito ya kuseri kwa bwana yatha. Mkazi wake Easter ndi ana panja.

Ku Limbe anazungulira magalaja atatu. Ponse ankangosuzumira m'sakamo n'kuseka. "Si cha galimoto yofiira ija ichi? Mwiniwake akudziwa?" Makaniko wina ndiye anamunong'oneza: pitani kwa Che Bakili, okonza injini za zigayo. Azungu safikako.

Anawapeza m'shedi ya malata kuseri kwa chigayo. Bambo wamfupi, wa kofia yoyera, ufa uli mbuu m'nsidze. Pakona panali makina akale opalira zitsulo.

Che Bakili anayendetsa chikhadabo pachitsulocho. Chinakodwa m'mizere.

"Achimwene, mumathawa nkhondo?"

"Zitheka, bambo?"

"Ichi si cha chigayo. Chigayo chimakhululuka. Ichi mukalakwitsa ndi katsitsi kamodzi, chimalusa."

"Koma zitheka?"

"Khalani apo. Musandilankhulitse."

Makina analira. Moto unathetheka. Ankapala pang'ono, n'kuyeza, n'kupalanso. Stanford thukuta lili kamukamu. Pofika madzulo ndithu, chitsulo chinali kuwala ngati kalilole. Mtima wake unayamba kutsika.

Kenako Che Bakili anatenga nyundo ndi tizitsulo ta manambala.

"Nanga izo?"

"Ndidinde. Chachepa tsopano. Wotsegula pambuyo panu adziwe kuti chifuna mabeyaringi okhuthala, mitsamiro imene chimazunguliramo."

Stanford anawagwira dzanja. Bwana wake ankatsegula yekha injiniyo chaka chilichonse, pakhonde, ndi tochi ndi kansalu koyera. Nambala yachilendo akanaiona tsiku lomwelo.

"Chonde, bambo. Musadinde. Si yanga."

"Ndinadziwa mukulowa. Mwini galimoto yotere sakwera basi."

"Ndili ndi ana atatu."

"Mwiniwakeyo alibe?" Che Bakili sanakweze mawu. "Adzaika mabeyaringi a saizi yakale, poganiza kuti chitsulo n'chomwe chija. Adzathamanga nayo msewu wa Zomba. Pakona injini idzagwira. Mudzakhala muli kuti inu?"

Chigayo chinali kugunda kuseri kwa khoma. Stanford anayang'ana khomo. Linali lotseguka. Chitsulo chatha kale, chili pompo. Kunyamula, kuthamanga, basi ikadali pasiteji. Mkuluyu sakanamupeza.

Che Bakili anamuona. Sanasunthe.

"Muno sichinatulukepo chosadinda. Mukachitulutsa, mwachitulutsa inu."

Zala za Stanford zinali zikadali padzanja la mkuluyo. Anaona nkhope ya Easter. Anaonanso pakona paja pamsewu wa Zomba, pamene bwana sachotsa phazi pamoto. Nthawi zambiri pampando winawo pamakhala kamwana kakakazi ka bwanayo.

Anasiya dzanja.

Kho! Kho! Kho!

Manambala atatu, akuya, osafufutika.

Stanford anayang'ana manambalawo. "Mundilembere saiziyo papepala."

"La chiyani? Ili pachitsulo."

"Ndikawapatse abwana Lolemba ndi dzanja langa. Asanaipeze okha."

Che Bakili anang'amba chidutswa cha thumba la simenti, nanyowetsa pensulo palilime.