Siling'i ya a Mbewe

Panatha masabata asanu matumba osaoneka pa boma la Chadiza, ndipo a Trywell Mbewe, eni sitolo ya zaulimi pafupi ndi msika, anali atasanduka mphunzitsi wa za dziko lapansi. Munthu akalowa kudzafunsa thumba, iwo ankayamba avula magalasi, kenaka n'kufotokoza kuti wa ku Chipata akudikira wa ku Lusaka, wa ku Lusaka akudikira fakitale, ndipo fakitaleyo ikudikira zopangira zimene zili m'sitima ina pamadzi. Kumene kunali sitimayo ankalozako ndi chala, cha kuseri kwa chigayo. Anthu ankatuluka opanda thumba, koma ophunzira.

Inali nyengo yokolola. Aliyense amene anali ndi thumba lakale ankalisunga kuchipinda ngati mwana wodwala. Pamalo pamene pankakhala mitolo ya matumba m'sitolomo, a Mbewe anaikapo zidebe zitatu motalikirana kuti maso a anthu azipeza pogwera.

Lachiwiri m'mawa kunatulukira mayi Elinata, mkazi wamasiye wa akulu awo a a Mbewe, atapalasa njinga kuchokera ku Zingalume.

"Alamu, ndadzera matumba."

"Khalani pansi kaye, alamu. Nkhaniyi ndi yaitali. Kuli sitima…"

"Sitima yanuyo inafika kale kwathu. A Evance a kumudzi kwathu anatifotokozera pachitsime, mpaka anavula magalasi amene alibe."

A Mbewe anabwezera magalasi awo pamphuno.

Mayi Elinata sanachedwe ndi zambiri. Soya wa chaka chimenecho anali woyamba kulima okha chimwalirire amuna awo. Anali atamupuntha, kumupeta, n'kumuunjika pabwalo. Pansi chiswe chinali chitayamba, pamwamba mbuzi za mudzi wonse zinali zitadziwa, moti iwo anali atatha masiku asanu ndi atatu akulondera mulu, tulo ta nkhuku. Lole ya kopaletivi inali kubwera Lachisanu, kamodzi kokha, ndipo sinkanyamula soya wa m'madengu kapena wa m'zitenje. Matumba anali nawo anayi. Pankafunika ena makumi awiri.

A Mbewe anatulutsa foni kuti aimbire wa ku Chipata uja, naikweza mawu kuti mlamu wawo adzimvere yekha mmene amalonda amalankhulirana.

"Halo, bwana Blessings! Ndine Mbewe, kuno ku Chadiza."

"Mbewe uti?"

"Wa sitolo. Kasitomala wanu wamkulu uja."

"Oho, bambo a zidebe. Kulibe, bambo. Ngakhale ine chimanga changa chili pansi kwa apongozi."

A Mbewe anazimitsa foni, nanena kuti netiweki masiku ano ikuvuta. Kenaka, posowa china chopereka, anaitanira mlamu wawo kunyumba kuti akamwe tiyi.

Balaza la a Mbewe linali lodziwika. Nyumba zambiri za kumeneko ukayang'ana kumwamba umaona malata ndi mitengo, koma kwa a Mbewe kunali siling'i yoyera, yosalala, yogawidwa bwino ndi timatabwa. Akulu a mpingo ankakonda kuchitira misonkhano mmenemo chifukwa munkazizira. Mlendo akayamikira, a Mbewe ankangoti, "Zinthu za kutauni izi," n'kusintha nkhani.

Mayi Elinata analandira kapu kwa mayi Monika, akazi a a Mbewe, natsamira pampando. Mutu unagwera kumbuyo ndi kutopa. Anakhala choncho kanthawi, maso ali kudenga.

"Amonika," anatero pang'onopang'ono, "paja tinasoka angati?"

Mayi Monika nawo anayang'ana kumwamba. "Makumi awiri ndi anayi. Zala zinatupa sabata yonse."

"Tiyi akuzizira," anatero a Mbewe.

Zaka khumi ndi ziwiri m'mbuyomo, amayi awiriwa anaphwasula matumba a feteleza, nawalumikiza ndi singano kukhala chinsalu chimodzi. Malemu amuna a mayi Elinata aja ndiwo anachikhomera kudenga, nachipaka njereza katatu mpaka ulusi unabisika. A Mbewe ntchito yawo tsiku limenelo inali kuima pakhomo n'kumauza odutsa kuti m'nyumba muli amisiri.

"Ayi," anatero a Mbewe. "Ayi, alamu. Loweruka lino abusa ndi akulu a mpingo akudzakumana muno. Akadzaona malata adzati chiyani?"

"Adzati kwatentha," anayankha mayi Monika.

"Inu musalowererepo. Munthu amakhala ndi dzina pa boma pano."

Mayi Elinata sanatsutse. Anaika kapu pansi, tiyi asanathe, nayamba kumanga bwino chitenje. "Ndapita, alamu. Mbuzi sizidziwa kuti ndili kwa anthu a dzina."

A Mbewe anawayang'ana m'manja: zala zong'aluka ndi makoko a soya. Kenaka anayang'ana pangodya ya denga, pamene akulu awo anaima pa mgolo tsiku lija, misomali ili pakamwa, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi molakwitsa.

"Sindikulonjeza kanthu," anatero, napita kukatenga hamala.

Analamula kuti chitseko chitsekedwe ndi makatani omwe, ndipo anakwera okha patebulo. Atazula kathabwa koyamba, fumbi la zaka khumi ndi ziwiri linatsika pamodzi ndi zitosi za makoswe, zonse pamutu pawo. Anazilandira mwaulemu, maso ali chitsinzinire, ngati munthu amene akupemphereredwa.

Kutseka chitseko sikunathandize, chifukwa matumbawo anafunika kuchapa, ndipo mjigo suli m'nyumba ya munthu. Pofika Lachitatu masana boma lonse linali litadziwa. Bambo wina wa ku Mlolo anafika pasitolo, navula chipewa.

"Bambo Mbewe, pepani. Kuchipinda chogona kulibe siling'i ina?"

A Mbewe anamufotokozera kuti wamalonda woona patali amasunga katundu wina m'mwamba, ndipo kuti katunduyo watha.

Amayi aja anasoka Lachitatu lonse ndi Lachinayi m'mawa, mbali ya njereza kunja. Matumba atatu makoswe anali atadyako, awiri anang'ambika pochapa. Anatsala khumi ndi asanu ndi anayi. Mayi Elinata anati soya wotsalayo akhala mbewu.

Lachisanu a Mbewe anatseka sitolo, poti zidebe zitatu sizithawa, nakwera njinga yamoto ya hayala kupita ku Zingalume atavala tayi. Anapeza lole itafika, matumba atandandalikidwa pafupi ndi sikelo, oyera kuposa a wina aliyense. Kalaliki wa kopaletivi anamenya limodzi ndi chikhatho, ndipo panatuluka kautsi koyera.

"Amayi, mwathiramo chiyani umu?"

Kalalikiyo anamasula thumbalo, napisa mkono mpaka m'chigongono, natulutsa soya wodzaza dzanja. Anamununkhiza, naluma kanjere kamodzi. Anthu onse anali chete, ngakhale a Mbewe.

"Ndi wouma bwino," anatero kalalikiyo. "Ikani pasikelo."

Apa mawu a a Mbewe anabwerera. Anaima pafupi ndi lole, manja kumbuyo, akulangiza onyamula. "Pang'onopang'ono, abambo! Osaponya! Amenewo sanazolowere zimenezo, akhala m'nyumba moyo wawo wonse."

Limodzi linalira msoko pokwera. Mayi Elinata anagwira pachifuwa. Msokowo unagwira.

Lole itanyamuka, mayi Elinata anakakhala pansi pakhonde, natambasula miyendo, msana kukhoma. A Mbewe anakokera mpando pafupi, navula magalasi, nayamba kufotokoza chifukwa chake matumba akale anali olimba kuposa a masiku ano. Atafika pa mfundo yachiwiri ndi pamene anaona kuti mlamu wawo wagona, dzuwa lili paliwombo, pakamwa pali pululu.

Anatsitsa mawu, koma sanasiye.