Tsiku Limene Anambewe Anasambitsa Lole

Moni kwa inu amene mwatenga nkhaniyi m'manja. Ndiyamika Mulungu amene watisunga kufikira lero, natipatsa maso owerengera ndi mtima wokumbukira zokoma zake.

M'chaka cha 1943, nkhondo ili mkati, m'komboni ya ku Kitwe munkakhala Cyril Kamwendo wa ku Dedza, dalaivala wa lole ya mwini sitolo wina. Ankakhala ndi mayi ake, Anambewe, ndi mkazi wake Muriel. Gogoyu analowa kalasi ya ubatizo ya Apresibeteriya ali ndi imvi kale. Mafunso onse ankawadziwa pamtima, koma m'Chinyanja chokha, pamene kutchalitchi cha ku Kitwe ankafunsa m'Chibemba. Akulu ampingo akayamba kufunsa, lilime la gogo linkauma, nkubwerera kunyumba osabatizidwa. Chifuwanso chinali chitawagwira kwambiri, ndipo iwo eni ankati dzinja lina sadzalionanso.

Kenaka inamveka nkhani yakuti mbusa wa ku Nyasalande wafika ku Ndola kudzaona akhristu akwawo. Lamulungu m'mawa adzafunsa a kalasi m'Chinyanja ndi kubatiza, masana adzakwera sitima kubwerera. Cyril anapempha lole kwa bwana wake, ndipo anamulola.

Lamulungulo Anambewe anadzuka kukucha. Kwawo ku Dedza munthu sapita ku tsiku lalikulu la mpingo ndi kanthu kakuda. Amasesa bwalo, amachapa zovala, amakwecha ngakhale zidendene ndi mwala. Atayang'ana lole ili matope okhaokha a msewu wa ku Chingola, mtima sunawalole. Anatenga ndowa ndi chisanza. Pamene Cyril ankatuluka atavala malaya ake a ku tchalitchi, lole inali mbee, madzi akudontha paliponse.

"Amayi, mwadzivutitsiranji ndi chifuwa chanucho?"

"Ukufuna ndikafike pamaso pa abusa nditakwera khola la nkhumba?" anayankha gogo, nalowa m'nyumba kukasita mpango wawo woyera ndi simbi yamakala. Mpangowo anausunga m'bokosi kuchokera tsiku limene analowa kalasi.

Cyril anakwera, natembenuza kiyi, naponda sitata. Injini inazungulira koma sinalire. Anayesanso, chimodzimodzi. Anasiya pomwepo, poti batire inali yakale, ndipo m'masiku a nkhondo yatsopano sinkapezeka. Atatsegula boneti anangogwira pakamwa. Injini yonse inali yoyera ngati mbale, madzi ali chikhalire m'timaenje ta mapulagi.

"Amayi, ndi muno momwe mwathiramo?"

"Ndimo munali monyansa kuposa monse," anayankha ali pakhomo. "Wandinyazitsa, mwana iwe. Ungayende ndi mafuta otere chaka chonse?"

Mnansi wawo Ignatius Zulu, Mkatolika wa ku Fort Jameson amene anasiya ntchito yamumgodi nkuyamba kusoka nsapato, anali akupita ku Misa. Anaima, nasuzumira m'boneti, naseka, napereka moni wa m'mawa m'Chibemba.

"Mwashibukeni, mukwai. Achimwene, mwati wobatizidwa lero ndani, amama kapena lole? Chifukwa lole yatsogola kale."

"Sekani bwino, koma muvule jekete," anatero Cyril. "Mundipukusira hendulo."

Anambewe anayandikira, nkhope itasintha. "Ndaipha?"

"Simunaiphe. Mwazimitsa moto wake."

"Moto uti? Ndayang'ana monsemo, munalibe khala ngakhale limodzi."

Cyril anawaonetsa ndi chala pamene Ignatius ankalowetsa hendulo, chitsulo chopukusira injini, kutsogolo kwa lole. "Petulo sayaka yekha, Amayi. Amafuna kamoto. Mphamvu imachoka mu batire, koma ndi yofooka. Imalowa m'kachitini aka, koyilo, nkutulukamo yaukali ngati mphezi. Ikatero imabwera m'kachipewa kakudaka, disitibyuta. Mkati mwake muli kadzanja kozungulira kamene kamagawira mawaya asanu ndi imodziwa, iliyonse pa nthawi yake. Waya iliyonse ili ndi pulagi yake, ndipo pa pulagipo ndi pomwe moto umadumpha nkuyatsa petulo. Pakanyowa, mphamvu ija imatsata madzi nkuthawira m'chitsulo. Ku pulagi sikufika kanthu."

Anazula waya imodzi, naiyandikiza ku chitsulo cha injini. Ignatius anapukusa hendulo mpaka thukuta. Panalibe kuthetheka kulikonse.

Muriel anatuluka atavala kale. "Bambo, dzuwa likukwera. Ku Ndola si pafupi, ndipo msewu ndi wamatope."

"Ndipatseni zisanza zanga za pansi pa mpando."

Muriel analoza kumpanda. Zisanza zonse zinali pamenepo, zochapidwa bwinobwino, zikudontha. Kumwamba kunali mitambo ya Febuluwale, ndipo m'nyumba chilichonse chinali chachinyezi. Cyril anamasula kachipewa kaja. Mkati munali timadontho ngati mame. Anapuma mozama, nayamba kumasula mabatani a malaya ake.

"Leka," anatero Anambewe. "Ukaima bwanji pambali panga m'nyumba ya Mulungu wopanda malaya? Wanyowetsa ndine."

Analowa m'nyumba, natuluka ndi mpango woyera uja, ukadali wotentha ndi simbi.

"Ayi, Amayi," anatero Muriel. "Umenewo ayi. Tifune china."

"Tikafuna china abusa akwera sitima. Ndikufuna ubatizo, mpongozi, osati mpango. Tenga, Cyril."

Cyril anaulandira ndi manja awiri. Anapukuta mkati mwa kachipewa, kadzanja kozungulira, ndi tizitsulo tiwiri timene timatseguka ndi kutsekeka kuti koyilo itulutse mphamvu. Mpango ukazizira, Muriel ankathamangira nawo ku simbi nkubwera nawo wofunda. Anaumitsa pamwamba pa koyilo, mawaya, ndi timaenje ta mapulagi. Madzi a gogo sanachotse mafuta a m'makona, ndipo mpango unatuluka uli ndi mizere yakuda. Anambewe anauyang'ana kamodzi, natembenuka, nayamba kung'ung'udza nyimbo ya kalasi chapansipansi.

"Tsopano ndipukusa ndine," anatero Cyril. "Achimwene, gwirani wayayi pafupi ndi chitsulo. Gwirani pa labala."

Ignatius anagwira kunsonga. Hendulo itazungulira, kamoto kobiriwira kanathetheka, ndipo Ignatius anadumpha, naponya wayayo, akukupiza dzanja.

"Mayo ine! Yandiluma mpaka m'chigongono."

"Ndiye kuti yachira," anatero Cyril akuseka. "Mwalandira moto wa Apresibeteriya. Mukaulule kwa abambo mfumu."

Anabwezera waya, napukusanso. Injini inatsokomola, inaphulika ngati mfuti, nkhuku zonse nkubalalika, kenaka inayamba kunjenjemera mopunduka nkuzima. Kuseka kunatha. Cyril anaima chilili, akuyang'ana mawaya. Moto unalipo, petulo analipo. Anatsata waya iliyonse ndi chala kuchokera pa kachipewa kukafika ku pulagi, naima.

"Amayi, mawayawa munawagwira?"

"Awiri okha. Anali opingasana ngati miyendo ya mlesi. Ndawawongola."

"Amayenera kupingasana. Mapulagiwa sayaka motsatana monga akhalira. Ali ngati oyimba a kwaya, aliyense amalowa pa nthawi yake. Mukawasinthanitsa, wina amalowa mnzake asanamalize." Anazula awiriwo, nawapingasanso, akuwerenga monga anaphunzirira ku galaja: "Wani, faifi, firii, sikisi, thuu, folo."

Asanagwire hendulo, Anambewe anati, "Tiyambe tapemphera." Onse anaweramitsa mitu pambali pa lole, Ignatius nachita chizindikiro cha mtanda. Gogo sanatalikitse. Anati, "Atate, ndafuna kukonza ndipo ndaononga. Inu ndinu wokonza. Ndifikitseni ku madzi anu. Ameni."

Cyril anakoka hendulo mwamphamvu. Injini inalira, ndipo inapitiriza kulira mosalala, nthunzi ikufuka pa zitsulo zonyowa.

"Kwerani, achimwene," anatero Cyril. "Misa yakupitani kale."

"Ndikwera. Dzanja langali lalipira ulendo."

Panjira Muriel anavula mpango wake wamaluwa kuti asinthane ndi apongozi ake. Anambewe anakana. Anapinda wawo uja, naumanga kumutu, mizere yakuda ili poonekera. Anadutsa mlatho wa Kafue, anaterereka m'matope, ogulitsa makala m'mbali mwa msewu akuwabayibitsa, ndipo Cyril sanazimitse injini paliponse.

Anafika ku Ndola mpingo ukuyimba, a kalasi atafunsidwa kale, ali pamzere kutsogolo. Mkulu wampingo wa pakhomo anayang'ana mpangowo, nafuna kulankhula, koma mbusa anawaona gogo akupuma movutikira, nawakodola ndi dzanja.

"Amayi, mwachokera kuti?"

"Ku Kitwe, abusa. Koma kwathu ndi ku Dedza, kuseri kwa phiri."

"Nanga kumutuku kwatani?"

"Ndinasambitsa galimoto, abusa, ndipo inakana kuyenda. Ndinkafuna ndifike woyera."

Mbusa anamwetulira. "Mukanafika woyera, ife ntchito tikanaipeza kuti? Tiyeni ndikufunseni."

Anawafunsa pamaso pa mpingo wonse m'chiyankhulo cha kwawo, ndipo mayankho anatuluka mosadodoma, limodzi ndi limodzi, mawu akumveka mpaka kumbuyo kumene Ignatius anaima atagwira chipewa. Gogo anagwada, namasula mpango, ndipo madzi anatsika pa imvi zawo. Dzina limene anasankha linali Esme.

Atabwerera pa benchi, madzi anali akuyendabe pamphumi ndi m'masaya. Cyril anatenga mpango uja pamiyendo pawo, nafuna pamene panali poyera kuti awapukute. Mayi ake anamugwira dzanja.

"Awa asiye," ananong'ona. "Aume okha."

Wokondedwa wowerenga, Mulungu amene anawafikitsa Amayi Esme ku Ndola akufikitseni inunso kumene mtima wanu ukulakalaka. Ayatse moto wake mwa inu pamene mwazizira, akonze zimene manja anu aononga mosadziwa, ndipo mtendere wake ukhale pa inu ndi pa nyumba yanu. Ameni.