Madzi Achitatu

Mpopi wa panja unangotsokomola kawiri n'kukhala chete. Mwini dimba anaupotokolabe, anaumenya ndi chikhatho, kenaka anakhala pa ndowa yopanda kanthu. Matimati ake kuseri kwa nyumba anali atangochita maluwa, koma maluwawo anali atayamba kale kuyoyoka. Banja lonse linkadalira dimbalo. Timadzi timene mkazi wake ankatunga kutali tinkathera kumwa ndi kuphikira.

Chomwe chinkamuwawa kwambiri bamboyo chinali kuseri kwa mpanda. Kumeneko kunkakhala mayi wochapa zovala za anthu, yemwe madzi ankamubweretsera pa ngolo. Tsiku lililonse madzi ochapira ankatsetsereka m'kangalande kulowera kumsewu, bamboyo akuona ndi maso ake. Kale madziwo ankalowa m'dimba mwake, koma chaka chatha iye yemwe anamanga kakhoma ka njerwa n'kuwatsekera, atalalata kuti dimba lake si dzala. Chiyambire tsikulo awiriwa sankapatsana moni.

Mkazi wake anamuuza kuti akapepese, poti sanamvepo kuti munthu waguluka dzino chifukwa chopepesa. Iye anayankha kuti khomalo ndi lake, ndipo kugumula khoma lako sikufuna chilolezo. M'mawa mwake anatenga khasu n'kuchotsa njerwazo mwakachetechete. Madzi athovu analowa mumzere woyamba, mkulu uja n'kumamwetulira kuti wachita zanzeru. Patapita masiku ochepa mzere wonsewo unali utapsa masamba, wofota kuposa inzake.

Anali atagwada pamzerewo pamene mutu wa wochapa uja unatulukira pamwamba pa mpanda.

"Achimwene, matimatiwo mumafuna ayere ngati malaya a sukulu?"

Bamboyo anasowa poyang'ana. Anavula chipewa n'kunena motsitsa mawu kuti analakwa, chaka chatha ndi chaka chino chomwe.

Mayiyo sanachedwe nazo zimenezo. Anamufotokozera kuti madzi oyamba amakhala ndi sopo ndi mankhwala oyeretsera, achiwiri nawonso amaluma, koma achitatu, otsukuluzira komaliza, mbewu zimamwa bwinobwino. Kenaka anamuuza kuti azungulire kuchipata. Pansi pa chingwe choyanikira panali migolo iwiri yodzaza, yovindikira ndi malata.

"Ndinayamba kusunga nditaona maluwa akugwa," anatero mayiyo. "Amuna anga akuti ndayamba kuweta udzudzu."

"Nanga osandiuza bwanji, achemwali?"

"Ndimadikira moni. Moni basi."

Bambo wamkulu ndithu, misozi inalengeza m'maso ali pakati pa zovala za eni zikudontha. Manyazi analipo, koma chimene chinadzaza mumtima chinali kuthokoza. Anathokoza, n'kuthokozanso, mpaka mayiyo anamudula kuti mazikomowo sathirira matimati, athamangire ndowa dzuwa lisanakwere.

Tsiku lomwelo anabwezeretsa njerwa zija pakangalande, ulendo uno mayiyo akumupatsira imodzi imodzi. Pampanda anatsegula kachipata kokwana munthu ndi ndowa yake. Mzere woyamba sunadzukenso, ndipo mkazi wake sanasiye kuutchula kuti mzere wa anzeru. Koma mizere inayo inagwira zipatso.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankafika pakachipatako, n'kutula ndowa pansi, chipewa m'manja. Migolo inkakhala poyera, yodzaza kale, koma sankaikhudza mpaka mayiyo atatuluka.

"Mwadzuka bwanji, achemwali?"